Kodi kafukufuku wa chaka chomaliza amathandizadi, kapena ndingolipira wina andilembere?

Mtsikana wa ku Chikanda walemba:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndili chaka chachitatu pa koleji kuno ku Zomba, ndikuphunzira za chikhalidwe cha anthu ndi chitukuko. Tikatsegulira tiyamba kulemba proposal ya kafukufuku wa chaka chomaliza, ndipo atiuza kuti pa holide ino tiziganizira mitu.

Nkhawa yanga ndi ndalama. Lendi ya ku Chikanda amandilipirira ndi mayi anga, amene amagulitsa mpunga ndi nyemba pa msika wa Jali. Ya ngongole ya boma imathera pa chakudya ndi kusindikiza manotsi. Ndikamva anzathu a chaka chachinayi akuwerengetsera ya thiransipoti, ya mapepala a mafunso, ya bandulo, mutu umandiima.

Mesho wanga akuti m'tauni muno muli anyamata amene amalemba zonse, kuyambira chaputala choyamba mpaka chomaliza, iwe n'kungolipira, ndipo akuti zimatchipa kusiyana ndi kupita kumudzi kukafunsa anthu. Mtima wanga sukulola, koma ndikufuna ndimve zoona kuchokera kwa inu amene munadutsamo. Kafukufukuyu anakuthandizani chiyani mutachoka pa koleji? Alipo amene anafunsidwapo za dissertation yake pa intavyu? Kapena ndi buku longokaunjikidwa mu ofesi ya dipatimenti kuti lizichita fumbi?

Mutu umene ukundibwerera m'maganizo ndi wa amayi ogulitsa mpunga, momwe amapezera mpamba ndi momwe amabwezera ngongole. Ndakulira pa benchi ya mayi anga, ndiye zina ndimaziona, koma sindikudziwa ngati zimenezi zingakhale kafukufuku weniweni.

Wakale wa Chirunga (kumene kuli koleji ya ku Zomba) wayankha:

Achemwali, mwafunsa bwino. Ndiyankha motalikitsa, mupirire nane.

Ine wanga ndinachitira ku Kachulu, pa doko la nyanja ya Chilwa, patangopita nthawi pang'ono madzi ataphwera kwambiri mu 2012. Mukudziwa kuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imangolandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imauma, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Funso langa linali laling'ono: amayi opikula matemba amadya chiyani nyanja ikathawa? Za asodzi anthu analemba kale zambiri, makamaka nyanjayi italowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 1997. Koma mayi amene amadikira bwato pa doko, n'kuyanika matemba, n'kukwera nawo matola kupita ku Zomba kapena ku Limbe, sindinkamupeza kwenikweni m'zimene ndinkawerenga.

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira ndi kulowa m'mudzi. Sungofika n'kuyamba kufunsa. Unyamule kalata ya ku koleji, udutse ku ofesi ya boma yoyenera, ukaonekere kwa amfumu, ndipo pa doko pali komiti ya asodzi imene iyenera kudziwa kuti mlendoyu akudzatani. Amfumu anandifunsa funso limene ndimalikumbukirabe: zimene ulembezo zidzatithandiza chiyani ife? M'kalasi palibe anandifunsapo zotere. Ndinayenera kuyankha zoona, kuti sindinabwere ndi thandizo lililonse, ndine mwana wa sukulu basi, ndipo amene sakufuna kucheza nane ali ndi ufulu wokana. Lero ndimagwira ntchito yoyang'anira momwe mapulojekiti akuyendera, ndimalowa m'midzi pafupipafupi, ndipo malonje anga ndi omwe aja ndinaphunzirira ku Kachulu.

Chachiwiri ndi kafunsidwe. Ukafunsa mayi wa geni kuti amapeza ndalama zingati pa mwezi, amakuseka kapena amakutchulira nambala yoti uchokepo msanga. Sawerengera pa mwezi, komanso akuganiza kuti mwina watumidwa ndi a msonkho, mwinanso ukulemba maina a olandira thandizo. Koma ukamufunsa kuti dzulo anapikula ndowa zingati, pa mtengo wanji, wonyamula anamulipira zingati, chiphaso cha mu msika ndi zingati, nsomba zina zinaonongeka kapena ayi, amakuuza zonse, ndipo phindu umaliwerengera wekha. Inu amene mwakulira pa benchi ya mpunga muli kale patsogolo pa ambiri, chifukwa mukudziwa kusiyana kwa kupikula ndi kugula, mukudziwa chipereganyu, banki nkhonde ndi katapila momwe zimayendera. Mnyamata wolemba za malonda m'tauni uja sadziwa zimenezi za ku Jali. Adzakukopererani za dziko lina n'kusintha maina a malo.

Zimene ndinapeza zinandisintha maganizo. Ndinapita ndikukhulupirira kuti nyanja ikauma onse amabwerera ku khasu. Ena anabwereradi, ena analima pamalo pomwe madzi anaphwa. Koma amayi ambiri amene ndinacheza nawo sanasiye nsomba. Anayamba kusonkherana thiransipoti, mmodzi n'kupita ku Mangochi kukapikula usipa wa gulu lonse, kuti benchi yawo mu msika isalandidwe ndiponso makasitomala asawaiwale. Chimene ankaopa kwambiri si njala ya mwezi umenewo, koma kudya mpamba. Ndinabwerera ku Chirunga ndi mfundo imene sinali m'buku lililonse limene ndinabwereka ku laibulale, ndipo supavayiza wanga anati ndiyiike pakati penipeni pa pepala langa. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti nanenso ndikhoza kudziwa chinthu chimene mphunzitsi wanga sakuchidziwa, n'kumufotokozera ndi umboni. Kwa mwana amene wakula akungokopera manotsi kuyambira Sitandade 1, chimenechi si chaching'ono ayi.

Tsono za ntchito, poti ndi zimene mwafunsa. Inde, anandifunsa. Ntchito yanga yoyamba inali ya miyezi yochepa, yofunsa anthu mafunso pa tabuleti m'maboma a kum'mwera. Pa intavyu panali anthu ambirimbiri a digiri yofanana ndi yanga. Funso lachiwiri linali lakuti, tiuzeni za kafukufuku wanu, anthu munawasankha bwanji, wina akakana munkatani? Ndinayankha osaganizira n'komwe, chifukwa zinali zondichitikira. Amene anagula pepala amagwa pa funso limeneli, pakuti sangafotokoze momwe anafikira kwa munthu woyamba.

Musaiwalenso komwe muli. Likulu la National Statistical Office, amene anachititsa kalembera wa 2018 yemwe anapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 17.5 miliyoni, lili ku Zomba konkuno. Centre for Social Research, imene inayamba mu 1979, ilinso pompano. Mabungwe ngati amenewa, ndi ena ambiri ochita kafukufuku, nthawi ndi nthawi amafuna achinyamata odziwa kufunsa anthu, kulowetsa data ndi kuiyeretsa. Mapulogalamu a pa kompyuta owerengera manambala monga Excel, SPSS kapena Stata simungawaphunzire bwino ndi manambala a m'buku. Amalowa m'mutu mukamalimbana ndi manambala anuanu, pamene mayi wina walembedwa kuti ali ndi zaka 19 koma ali ndi mwana wa zaka 15, ndipo muyenera kubwerera ku pepala kukaona pamene panalakwika.

Chomaliza ndi kalata. Aphunzitsi amaphunzitsa makalasi a anthu mazanamazana, sangakumbukire aliyense. Koma amene anakhala nanu chaka chathunthu akukonza machaputala anu amakudziwani mpaka kalembedwe. Kalata yondichitira umboni pa ntchito ija, komanso ya sukulu ya masters pambuyo pake, analemba ndi supavayiza wanga, ndipo analembamo za Kachulu.

Mphunzitsi wa History ku Domasi wayankha:

Mwanawe, ine ndiyankhe za fumbi zija, chifukwa zandikhudza.

N'zoona kuti mapepala ambiri amangokhala pa shelefu. Koma tsegulani mabuku akuluakulu a mbiri ya Malawi, muyang'ane kumapeto kumene olemba amatchula komwe anatenga mfundo zawo. Mupezamo mapepala a ophunzira a History a ku Chancellor College, ena a zaka za m'ma 1970, koleji itangosamukira ku Zomba mu 1973 kuchoka ku Chichiri. Anali ana a digiri yoyamba ngati inu. Anapita kwawo pa holide, n'kukakhala pansi ndi agogo amene anaona thangata ndi maso awo, amene anapita ku Joni ndi Wenela, amene anamenya nkhondo ali mu KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda. Agogo aja anamwalira kalekale. Chikhala kuti ana aja sanalembe, mawu awo akanapita nawo kumanda. Amayi a mpunga a ku Jali nawonso alipo lero ndi nzeru zawo, ndipo amene angazilembe bwino ndi mwana wawo.

Ine wanga sunandidyere ndalama ya thiransipoti, chifukwa ndinkayenda wapansi kupita ku National Archives, imene ili mu Zomba momwemu kuyambira 1947. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndiye mafayilo a boma la atsamunda ali pompa: malipoti a ma DC a chaka ndi chaka, makalata a za msonkho wa nyumba, za minda ya azungu, umboni umene anthu anapereka pambuyo pa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ndinalemba za njala ya 1949. Ndinkawerenga zimene DC analemba, kenako Loweruka n'kupita kwa agogo a kuchimuna kukamva mbali yawo. Nthawi zambiri sizinkagwirizana. Mzungu ankalemba za matumba a chimanga amene boma linagawa, agogo ankakamba za amuna amene anachoka kukasaka chakudya osabwereranso, amayi n'kutsala okha ndi ana. Kuphunzira kuyika maumboni awiriwa pamodzi, osataya umodzi, n'kufunsa kuti analemba ndani, ankalembera ndani, ankafuna chiyani, ndiye digiri yanga yeniyeni.

Lero ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 ndi 4. Ndikafika pa mutu wa Chilembwe sindingowerenga manotsi, ndimawauza zimene ndinaona m'mafayilo, ndipo ndimawatuma kukafunsa agogo awo za nthawi ya referendamu ya 1993. Kalasi imakhala chete kumvetsera mnzawo akufotokoza zimene agogo ake anamuuza. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp ukabwera woti boma lalengeza zakutizakuti, ndimayamba ndafunsa kuti wanena ndani. Malipiro anga ndi ofanana ndi a mnzanga amene sanavutike chonchi, zimenezo sindikubisirani. Koma ntchito yanga ndimaikonda chifukwa cha miyezi imene ija.

Wa ku Matawale wayankha:

Akuluakulu anena zabwino, koma tisamulonjeze mwanayu zimene sitingathe kumupatsa. Ine ndinachita kafukufuku wanga ndekha, ndinakhoza bwino, ndipo mpaka lero ntchito ya mu ofesi sindinaipeze. Ndimaweta nkhuku za nyama ndi kusindikizira anthu mapepala. Anzanga ena amene analemba mwa chisawawa ali pa ntchito chifukwa ali ndi achibale pamalo oyenera. Dziko lathu lili chonchi, ndipo dissertation si chiphaso cha ntchito.

Komabe sisi, osagula. Chifukwa choyamba ndi chakuti mudzaimirira pamaso pa aphunzitsi kufotokoza ntchito yanu, ndipo funso limodzi lokha la chifukwa chimene munasankhira njira imeneyo limakwana kukuyalutsani. Mukagwidwa, zaka zinayi za lendi ya mayi anu zapita m'madzi. Ndimasindikiza mapepala a ophunzira, ndiye ndimaona machaputala ofanana ndendende akubwera ndi maina osiyana. Aphunzitsi nawo ali ndi maso.

Za ndalama, dulani malaya molingana ndi nsalu imene muli nayo. Simukufunika kusindikiza mulu wa mapepala a mafunso. Pulogalamu yolembera mayankho a mafunso yotchedwa KoboCollect ndi yaulere, imagwira pa foni wamba ya Android ngakhale kopanda netiweki, mayankho mumadzatumiza mukapeza intaneti. Ngati ngakhale ya minibasi palibe, pali data imene ilipo kale. Ya Integrated Household Survey, kafukufuku wa boma wa momwe mabanja akukhalira, monga yachisanu ya 2019 mpaka 2020, imapezeka kwaulere pa tsamba la World Bank mukalembetsa, ndipo muli mafunso a za ngongole ndi mabizinesi a pakhomo. Anthu a Economics ambiri amalemba osachoka pa mpando.

Kunena chilungamo, pa nkhuku pomwepa kafukufuku uja amandithandiza. Ndimalemba chakudya chimene gulu lililonse ladya, zimene zafa, sikelo ya sabata iliyonse, ndipo ndinasiya kugula anapiye kwa wogulitsa wina nditaona m'kope kuti ake ndi amene amafa kwambiri. Anzanga oweta amangoti chaka chino zavuta, osadziwa kuti zavutira pati.

Mayi wa mu labu wayankha:

Mwana wanga, ine ndimayang'anira ophunzira pa kafukufuku wawo, ngakhale mbali yanga ndi ya zomera. Mutu wanu ndi weniweni, koma ndi waukulu. Amayi ogulitsa mpunga, mpamba, ngongole, kubweza, zonsezi ndi mitu ingapo. Sankhani funso limodzi loti mukhoza kuliyankha ndi nthawi ndi ndalama zimene muli nazo. Mwachitsanzo: pa nthawi yokolola mpunga wa ku sikimu ya Likangala kapena Domasi, mtengo uli pansi, amayiwa ndalama yopikulira wambiri amaitenga kuti, ndipo amabweza ndi chiwongoladzanja chotani? Wophunzira amene amabwera ndi funso lopapatiza chonchi ndimadziwiratu kuti amaliza pa nthawi yake.

Chachiwiri, samalani za chinsinsi. Nkhani ya ngongole ndi yochititsa manyazi kwa ambiri. Muwauze anthu cholinga chanu m'chilankhulo chawo, avomere okha, maina awo asalembedwe mu lipoti, ndipo zojambula mawu zisachoke m'manja mwanu. Ku University of Malawi kuli komiti yoona zimenezi, UNIMAREC, ndipo supavayiza wanu akuuzani njira imene proposal ya wophunzira imadutsa. Musaone ngati chokuchedwetsani. Bungwe lililonse lochita kafukufuku wa anthu limafuna wantchito amene amamvetsa zimenezi.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ku sayansi, Zomba yakupatsani mwayi umene anzanu a kwina alibe. National Herbarium and Botanic Gardens ili m'tauni momwemu, Forestry Research Institute of Malawi ndi Geological Survey Department chimodzimodzi, Makoka Research Station ili cha ku Thondwe, National Aquaculture Centre ili ku Domasi. Pitani ndi kalata, mudzipereke mwaulemu, mufunse ngati pali ntchito imene mungathandize. Ambiri mwa akatswiri amene ali kumeneko amasangalala kuona mwana wofuna kudziwa.

Mukadzafuna masters, kaya kudzera ku mabungwe olipirira maphunziro monga Commonwealth, DAAD kapena Beit, adzafuna kumva chimene mukufuna kufufuza ndi umboni woti munayesapo. Mwa ophunzira anga amene anapita patsogolo, ambiri anapitiriza funso lomwe lija anayamba chaka chachinayi, atangolikulitsa.

Mtsikana wa ku Chikanda walembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Mesho wanga ndamuwerengera yankho la achimwene a ku Matawale. Ndatsala ndi funso limodzi. Ndichitire ku Jali komwe amandidziwa, ndipo ndikhoza kugona kwathu osalipira kanthu, kapena mu msika waukulu wa Zomba komwe sandidziwa? Ndikuopa kuti anzawo a mayi anga sangandiuze za ngongole zawo, poganiza kuti ndikaulula kunyumba.

Wakale wa Chirunga wayankhanso:

Mantha anuwo ndi oona, ndipo kuti mwawaganizira musanayambe zikusonyeza kuti ntchitoyi muitha. Ine ndikanati mugawe pawiri. Mayi anu ndi anzawo apamtima akhale aphunzitsi anu, osati oyankha mafunso. Holide ino khalani nawo pa benchi ndi kope, akuuzeni mawu amene amagwiritsa ntchito, miyezo yake, miyezi imene mpunga umakwera ndi kutsika, amene amabwereketsa ndalama ndi momwe amalonjererana. Muyesere pa iwo mafunso anu, akuuzani okha funso limene lili lopusa kapena lolaula.

Kufunsa kwenikweni mukachitire kwina, mu msika wa Zomba kapena ku Songani, komwe kuchokera ku Chikanda ndi wapansi kapena minibasi imodzi. Pitani masana pamene makasitomala achepa, osati m'mawa akuyala katundu, ndipo muyambe mwaonana ndi wapampando wa msika. Mu proposal mulembe poyera kuti ndinu mwana wa wogulitsa mpunga ndiponso chifukwa chimene simunasankhire Jali. Mukalemba tsamba loyamba, litumizeni kuno ku inbox ndiliwerenge musanapite nalo kwa supavayiza.